Kathirakitala kagaya mbatata ya apongozi

Aphungu,

Ndithandizeni, pakhomo pandithina. Ndine bambo wa zaka 34, ndinakulira ku Ndirande koma ndimagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Ndili pachikamwini kuno ku Ngala, chaka chachinayi tsopano. Ine ndi apongozi anga aakazi timaopana monga mwa mwambo wa kuno. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi wanga Jenifa. Sitinayambanepo, poti sitinalankhulanepo.

Apongoziwa ali ndi dimba kumunsi kwa dambo, ndipo ndikawaona atawerama ndi khasu dzuwa lili pamutu ndimamva chisoni. Tsono kalabu ya alimi a mpunga inagula kathirakitala kakang'ono kokoka chogayira nthaka, chija cha mipeni yozungulira kumbuyo. Ndinati apa ndiye mkamwini atchuke. Loweruka lapitali apongozi ndi Jenifa atapita kumaliro ku Chia, ndinaitana a Paison, oyendetsa kathirakitalako, kuti eni dimba pobwera akapeze ntchito yatha.

A Paison anaima pakona ina nkundifunsa kuti, "Achimwene, zobiriwira zili apazi nazonso tigaye?" Ine ndinali pachulu kujambula pafoni. Ndinangokuwa kuti, "Gayani, ndi tchire limenelo!" Kuntchito kwathu chilichonse chomwe si nzimbe ndi udzu. Anazungulira katatu mpaka dothi linachita ngati ufa wosefa.

Aphungu, silinali tchire. Inali mbewu ya mbatata yomwe apongozi amasunga pachinyontho chilimwe chonse kudikira mvula. Anasiyiridwa ndi malemu mayi awo, moti mudzi wonse umangoitcha zangaphee potengera dzina la malemuwo. Mvula yoyamba ikagwa, amayi a kuno amabwera kudzapempha kholowa wake wokabzala.

Atabwera kuchokera kumaliro, apongozi anapita kukaona dimbalo. Kenaka anauza Jenifa mokweza, ine ndili kuseri kwa nthochi, kuti, "Uwathokoze bambo ake a Mtendere. Dimba lasalala ngati bwalo la mpira. Chaka chino tidya kusalalako." Kuchokera tsikulo kambale ka ndiwo kochokera kwawo sikakubweranso. Jenifa akuti anawapeza akufukula dothi ndi manja, misozi ili chuchuchu. Zimenezi ndiye zandiswa mtima, chifukwa ine ndimafuna kuwapumitsa basi.

Ndichite chiyani? Ndiwagulire mbewu yamakono ija yofiira mkati? Ndithyole mwambo ndikawagwadire pamaso? A Paison akuti abwerenso adzaunge mizere yowongoka, mwina mtima wawo ungatsike.

S.K., Ngala, Nkhotakota

A S.K.,

Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kanu kameta ndi khutu lomwe. Ndaseka, ndikuvomera, koma apongozi anu sakulirira mbatata yokha. Akulira mayi awo. Mukamvetsa chimenechi, zotsalazo ndi zopepuka.

A Paison auzeni apume. Kathirakitala kasapondenso m'dimbamo, chifukwa mwayi wanu uli m'dothi lomwelo. Mbatata ndi yaliuma. Tizidutswa take ndi mfundo za kholowa zikakwiririka pachinyontho zimatha kuphukanso. Sindikulonjeza, poti inu munagaya katatu ngati muli kuchigayo, koma yesani. Tchingani pakonapo kuti mbuzi zisafike, yalani udzu wouma pang'ono, ndipo muzithirira m'mawa uliwonse musanapite kuntchito. Kheni munyamule nokha, osatuma munthu. Perekani masabata awiri kapena atatu.

Musadikire chimenecho chokha. Mwanena nokha kuti amayi a m'mudzimo akhala akutenga mbewuyi chaka ndi chaka. Sizingatheke kuti onse anaitaya. Jenifa akuuzeni maina, inu muyende khomo ndi khomo ndi thumba lanu, muzinena poyera kuti ndinu amene munalakwitsa. Akusekani, ndipo mwina akupekerani dzina lomwe mudzafe nalo. Pirirani. Mbewu yofiira ija ndi yabwino, kabzaleni m'munda mwanu, koma kupita nayo kwa apongozi panopa kuli ngati kuwauza kuti mwawapezera mayi ena.

Zokawagwadira pamaso ziiwaleni. Mwagaya kale mbatata, musagayenso mwambo. Pitani kwa ankhoswe ndi nkhuku yooneka bwino, iwo akakupepesereni. Mawu akhale ochepa: ndinalakwa, sindinafunse. Zoti mumafuna kuwathandiza apongoziwo akuzidziwa kale, nchifukwa chake anangokunyogodolani m'malo mokulongedzetsani.

Kathirakitalako kalibe mlandu, ndipo kadzawapumitsadi msana mukadzakagwiritsa ntchito mwanzeru. Tsiku lina akadzalola, ayambe ayenda m'dimbamo ndi Jenifa, azike timitengo paliponse pomwe safuna kuti pakhudzidwe. Dimba la mayi wachikulire silikhala ndi tchire lachabe: apa luni, apo bonongwe, uko mankhwala a m'mimba. Ngati muli kapinga kapena dawe, yambani mwazula ndi khasu, chifukwa mipeni ija ikaduladula mizu yake imakhala yakubzalirani udzu dimba lonse. Dothi liyeseni pofumbata. Likamata ngati loumbira mphika, dikirani liume pang'ono. Likangoyoyoka ngati phulusa, lauma kwambiri, thirirani kaye. Mwazani manyowa, kadutse kamodzi mosazamitsa, kachiwiri mozamirako, basi. Dothi la kunyanja ndi lamchenga kale. Mukalisandutsa ufa, mvula yoyamba idzaliumbitsa chikhakha pamwamba kapena kulikokolola. Ndipo woyendetsa akaima nkufunsa funso, tsikani pachulu mukaone ndi maso.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku lomwe mudzaone timasamba tatuluka, mtima udzafuna kuthamangira kunyumba mukukuwa kuti mwakonza zinthu. Musadzayerekeze. Musadzathyole tsamba, musadzajambule, musadzatume ngakhale Jenifa. Mudzathirire, mudzatseke mpanda, muzipita kuntchito. Asiyeni akazipezere okha, ali okha, chifukwa amene akukakumana nawo pakonapo si inu.

Aphungu