Mawese a a Chabala

Lachinayi, 28 Epulo 2022

Pepa kope iwe, ndikukudetsa ndi madandaulo. Ndinakugulira kulembamo nyimbo za kwaya.

Msonkhano kukhitchini lero. A Matilda, bwana wa nyumba ya okalamba ino, aletsa mafuta a mgwalangwa. Akuti minda yake ikutha nkhalango ku Malaysia ndi ku Indonesia, anyani akusowa pokhala. Anafunsa ngati pali wotsutsa. Ine maso pansi, "yes" basi. Kwathu ku Karonga wamkulu sumutsutsa pagulu.

Koma a Chabala, agogo a ku Zambia a m'chipinda chakumapeto, amadya chigwada chothira mawese chokha. Mafuta ofiira omwewo. Zina amalavula. Mutu unawasokonekera, lilime lokha likukumbuka kwawo.

Lachiwiri, 3 Meyi

Mvula ya Liverpool. Basi yachedwa.

Ndawaphikira a Chabala chigwada ndi mafuta a mpendadzuwa. Ananunkhiza, n'kukankha mbale. Anandifunsa ngati mayi awo akwiya nawo.

Sisitala Nirmala ndi a ku Malaysia, bambo awo ali ndi kamunda ka migwalangwa. Akuti azungu anatha nkhalango zawo kalekale, lero akuphunzitsa ena. Boma la kwawo likusumirana ndi maiko a ku Ulaya pa za mafutawa, iwonso ndi a Matilda moni anasiya. Uthenga umadutsa mwa ine. Ine amene Chingerezi chimandithera pakhosi!

Lolemba, 9 Meyi

A Chabala phala masipuni ochepa. Lamba wayamba kukhwepa.

Botolo la mawese limene ndagula lili m'chikwama changa, mwa zovala. Ndawerenga pepala lake kangapo, chala pa liwu lililonse. Lalembedwa Ghana. Si Malaysia. Anyani aja ku Ghana aliko? Mwamuna wanga Yotamu akuti ndisiye, ndingachotsedwe ntchito. Kuthira mobisa sindingathe. Chilichonse cholowa mumphika timauza ofesi.

Ndinaima pakhomo pa a Matilda. Ndinabwerera osagogoda. Wamantha ine.

Lachisanu, 13 Meyi

Adokotala abwera. Akuti akapitiriza kukana chakudya, Lolemba apita kuchipatala. Kumeneko chigwada adzachiona kuti?

Maiko akangane, ali ndi nthawi. A Chabala alibe.

Ndajambula botolo, liwu loti Ghana likuoneka, ndatumiza pafoni kwa a Matilda ndi kwa Sisitala, onse pamodzi. Ndalemba kuti "yes" uja ndinanena mwaulemu chabe, mtima unakana. Ndikungoyang'ana foni. Zikuonetsa kuti onse awerenga.

Chigwada ndasinja kale, chili mufiriji. A Matilda, chonde yankhani msanga.