Mgaiwa mu Rediyeta

Lachinayi, Okutobala 1995. Tsiku loipa.

Ndajombanso kusukulu chifukwa cha galimoto ya malemu bambo, yaitali kumbuyo ija anagula ku Luwani othawa nkhondo akubwerera kwawo. Rediyeta yake ikudontha. Makaniko wa pa Zalewa anati ndithiremo kamgaiwa pang'ono kuti bowo litsekeke. Ine ndathira kapu yodzaza. Injini itatentha mwatuluka phala, kenaka yazima.

Bambo aang'ono andipeza ndikukolowola phalalo ndi waya. "Iwe, ukuphikira ndani? Ikapanda kuyenda Loweruka, ndichotsa ekiselo ndi matayala, tikhomere ngolo."

Ndawapempha sabata ina. Iwo angogwada n'kuyamba kuyeza ekiselo ndi chingwe.

Kwatsala mawa lokha. Ndakhala pampando woyendetsera mpaka dzuwa kulowa. Ukununkhabe fodya wa bambo.