Kabokosi Kamene Sindinakuuzepo

Toa Payoh, Singapore
14 Malichi

Wokondedwa Pei Shan,

Ndikhulupirira uli bwino ku Perth kumeneko pamodzi ndi mwamuna wako, komanso kamlendo kali m'njirako. Miyendo ikutupabe? Amayi ako akuti usamamwe madzi ozizira, ndipo akuti ndilembe zimenezi koyambirira chifukwa ukafika pakati pa kalata umayamba kudumpha mizere. Kuno tili bwino. Bondo langa limadandaula kukachita mitambo, koma ntchito yoyendetsa basi ndikuigwirabe.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala. Pafoni ndimangokufunsa ngati wadya, kenako n'kupatsira amayi ako. Nkhani ndili nayoyi singakwane pamenepo.

Unamva kale kuti ndinayamba sukulu, ndipo ndinakumvani mukuseka nonse awiri. Sekani. Ndi dipuloma ya saikoloje, maphunziro a mmene munthu amaganizira, ya ife akuluakulu apantchito. Timakumana Lachitatu madzulo ndi Loweruka masana. Ndinalowa chifukwa cha anthu a m'basi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukalipiridwa ndi anthu amene sindinawalakwire, ndiye ndinafuna kudziwa chimene chimawadya. Amayi ako atamva anati, "Madala, mutu wanuwo wakukanikani zaka sikisite, ndiye wa anzanu muudziwa pa miyezi naini?"

Aphunzitsi athu ndi Mayi Devaki, aang'ono kwa iwe, koma akandiyang'ana pamwamba pa magalasi ndimabisa foni ngati mwana. Ndimakhala kutsogolo chifukwa cha maso, osati nzeru.

Loweruka lapitali anatiuza kuti aliyense ajambule banja lake. Mwamuna kabokosi, mkazi kozungulira, womwalira timukhwatche. Anati tisasiye aliyense, ngakhale amene anakhala tsiku limodzi lokha, chifukwa naye ndi wa m'banja. Ndinajambula ine, amayi ako, kenako iwe. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pambali pako ndasiya mpata. Ndinajambulapo kabokosi, n'kukakhwatcha, ndipo ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi.

Pei Shan, unali ndi mchimwene wako. Dzina lake anali Kok Leong. Anakhala masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Mazira oti tifiiritse, monga mwa mwambo wathu, pa phwando lake lokwanitsa mwezi tinali titagula kale. Lamulungu lina masana anagona pachifuwa panga, ndipo sanadzukenso. Madokotala anati zimachitika, palibe wolakwa. Ine sindinawakhulupirire.

Agogo ako anatitengera kukachisi kwa munthu wina wolankhula ndi mizimu. Iye anati ine ndinabadwa chaka cha Kambuku pa kalendala yathu ya Chitchaina, ndipo kambuku wanga ndi wodya ana ake. Anati mwana wotsatira asadzanditchule kuti bambo, kuti tsoka liziyesa kuti ndi wa eni, ndiponso ndisadzamunyamule mpaka atakwana zaka zisanu ndi ziwiri. N'chifukwa chake unakula ukunditchula kuti Ankolo, monga amanditchulira aliyense wokwera basi yanga. Iwe tinangokuuza kuti ndi mwambo wa kwathu.

Zaka zisanu ndi ziwirizo zinakwana, koma mantha sanathe. Unali wamoyo, wonenepa, wolongolola, ndiye ndinati chimene chikugwira ntchito ndichisinthirenji? Ukagwa ndinkaitana amayi ako. Ukatopa pamsika ndinkanyamula madengu onse kuti iwo anyamule iwe. Manja anga ankayabwa, koma ndinkawaika m'thumba.

Ukukumbukira uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, unandiuza tikudya kuti ukudziwa ndinkafuna mwana wamwamuna? Ndinangodzuka n'kukapatsa mbalame yanga madzi, chonsecho inali nawo kale. Tsiku limenelo limandipwetekabe.

M'kalasi taphunzira kuti mwana wamng'ono amathamangira kwa amene amamunyamula, ndipo akapanda kunyamulidwa saganiza kuti wamkuluyo ali ndi vuto, amaganiza kuti vuto ndi iyeyo. Mfundo imeneyi ndinaikhoza pamayeso mwezi watha, ndinasangalala, osazindikira kuti akunena za m'nyumba mwanga. Ndiye uone mtundu wa wophunzira amene akufuna dipuloma.

Anzanga atatuluka ndinawaonetsa Mayi Devaki pepala lija, n'kuwafunsa ngati ndachedwa. Ndinkayesa atsegula buku. Anangoti iwo sangadziwe, wodziwa ndi mwini wake wa kozungulira aka, ndipo analoza kozungulira kako ndi cholembera.

Kunyumba ndinaliika patebulo. Amayi ako analiyang'ana nthawi yaitali, n'kusisita kabokosiko ndi chala. Zaka makumi atatu ndi zisanu dzina la mwanayo silinatchulidwe m'nyumba muno, koma tsiku limenelo tinalitchula mpaka mpunga unapserera. Atapukuta maso anati, "Mumuuze nokha. Ine ndatopa kukhala foni yanu."

Tsono pempho langa ndi ili. Unanena kuti mu Juni amayi ako abwere kudzakusamalira mwezi wa uchembere, ndipo unawonjezera kuti Ankolo asavutike, ali ndi ntchito ndi sukulu. Ndikudziwa unanena mwaulemu. Koma tchuthi ndapempha kale, ndipo aphunzitsi avomera kuti ntchito ya mwezi umenewo ndidzatumize ndili komweko. Ukandilola, ndikufuna kubwera ndidzanyamule mdzukulu wanga.

Sindikunamiza kuti sukulu yandichotsa mantha. Amayi ako akuti ndidzanyamule nditakhala pansi, iwo ali pambali, chifukwa manja anga anazolowera chiwongolero ndipo ndikhoza kumukhotetsa mwana wa eni. Ukaona kuti sukufuna, kapena nawe wachita mantha utamva za kambukuyu, undiuze mosabisa. Sindikwiya. Ndidzabwerabe kudzaphika nkhuku ya jinja ndi kuchapa matewera.

Koma ichi chokha uchidziwe lero. Sindinafunepo mwana wina m'malo mwako. Ndinkakukonda kwambiri moti ndinkaopa kukukhudza, ndipo ndinalakwa kukusiya wekha uziganiza zina. Undikhululukire, mwana wanga.

Mmene unditchulire ndi kufuna kwako, pakamwa pazolowera sipasintha tsiku limodzi. Ine ndiye ndiyamba.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako ndi apongozi ako. Azakhali ako a ku Bedok akupereka moni, akuti akusoka kabulangete. Kumwamba kukusunge, ubereke bwino, mwana alire mokweza.

Ndine,
bambo ako,
Seah Boon Kiat