Kasitika Kamodzi ndi Galimoto Yotuwa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Musanayankhe, konzani kaye chitenje mukhale bwino, chifukwa amene akukulemberaniyu si Jailosi uja munkathamangitsa ndi mthiko atathawa sukulu. Ameneyu ndi Wolemekezeka Jailosi, Mlangizi Wamkulu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Mangalande, nthambi ya Tipton, amenenso ali Nduna Yoperekeza Ana Kusukulu. Malipiro sanayambe kubwera, koma udindo wokhawo ndi woopsa.

Chikuikireni m'manda, banja lakula. Kumudzi kwa mng'ono wanga Yohane kwabadwa zidzukulu zamapasa, ndaziona pafoni, zonse mphumi yanu ija. Ine ndikadali kwa mwana wanga Mphatso, nesi uja. Kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba chaka chino kandichititsa manyazi. Chimanga chinakula mpaka kundifika m'khosi n'kukana kubereka, masamba onse a maungu zinamaliza nkhono. Nkhono za kuno zilibe chigoba, ulemunso zilibe.

Kuzizira kwafika. Hita yotenthetsera m'nyumba timayatsa m'mawa mwana wa Mphatso akamavala, akangotuluka Mphatso amaizimitsa ngati akulanda mbale kwa mlendo wadyera. Ine masana ndimakwera basi ya ku Oldbury n'kubwerera nayo yomweyo, kungotsata kufunda. Madalaivala akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi kumeneko, ndipo sindiwatsutsa.

Koma nkhani yeniyeni ndi yanu yomwe, inu aang'ono a kuno. Mwana wa Mphatso anabadwa chaka chimene munatisiya, ndiye tinamupatsa dzina lanu, Elube. Ine ndimamuitana kuti amayi, akandipatsa tiyi ndimalandira ndi manja awiri, iye n'kumandikalipira m'Chingerezi kuti ndisiye zochititsa manyazi. Kusukulu dzinalo linawakanika, amangoti Ellie. Amene amatchula Elube bwinobwino ndi ife a m'nyumba ndi a kutchalitchi basi. Pano ali ku sekondale.

Basi ya sukulu anaichotsa, akuti ndalama palibe. Mphatso sangakamutenge, poti lendi itakwera anawonjezera mashifiti, amafika maso ofiira n'kugona nsapato zili kuphazi. Ndiye mwanayo amayenda pansi, njira ya m'mbali mwa kanalo, ngalande yaikulu ya madzi akuda bii imene imadutsa kuseri kwa mafakitale. Nyengo ino dzuwa limaweruka limodzi ndi ana asukulu, ndipo magetsi a pamlatho anathima kalekale.

Loweruka lapitali phungu wa dera lathu anaitanitsa msonkhano mu holo, kuti timuuze zokanena ku Nyumba ya Malamulo. Ndinavala suti ija ndinavala pamaliro anu, ikundikwanabe, kungoti batani lapakati tinasiyana maganizo. Pakhoma anamata mapepala atatu aakulu. Lina la kukwera mitengo kwa zinthu, lina la chitetezo, lina la masukulu. Aliyense anapatsidwa kasitika kamodzi kofiira, kuti amate pa chimene chikumuwawa kwambiri. Mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye anamata pa mitengo mwaukali mpaka pepala kung'ambika. Mzungu wina wa msinkhu wanga, amene mwana wake anabayidwa ndi mpeni pasiteji ya basi, anapita pa chitetezo, anamata, n'kungoima pomwepo nthawi yaitali chala chili pakhoma.

Ine ndinatsala ndi kasitika kanga kunsonga kwa chala. Ndimate pati, Amayi? Lendi ndi imene yachotsa Mphatso pageti la sukulu, sukulu ndi imene yaponya mwana kukanalo, ndipo kukanaloko kuli mdima. Iwo adula patatu chinthu chimene kwathu kuno chimabwera chathunthu, cha m'ma folo koloko masana, chitavala yunifomu. Basi ndinapita n'kukamata pa jekete la phunguyo, pamtima penipeni. Holo yonse inaseka, iyenso anaseka, mpaka anajambulitsa nane chithunzi. Palibe amene anandifunsa chifukwa chake, nanenso sindinanene. Pobwerera ndinakumvani bwinobwino mukunena zija munkanena: "Iwe Jailosi, tsiku lina udzaseka nyumba ikupsa."

Zimene sindinanene mu holomo ndi izi. Pali galimoto yotuwa imene yayamba kumaima pafupi ndi mlatho nthawi yoweruka, injini ikulira, magalasi akuda. Ndipo Elube wasintha. Anasiya kundikalipira. Ali ndi nsapato zatsopano zimene mayi wake sanagule, akuti anabwereka kwa mnzake, koma zikumukwana ngati anamuyeza. Inu munkati mwana akakhala chete usamamuyang'ane kumaso, uzimuyang'ana m'manja. Ndayang'ana. M'manja mwake muli foni imene amaitembenuza ndikangolowa.

Ndiye Lachiwiri Nduna inanyamuka ndi ndodo yake. Ndinaipeza galimotoyo ili pamalo pake. Ndinamenya ndodo pabonete katatu, ndinatukwana m'Chichewa, m'Chingerezi, ndi m'chilapalapa chija malume anabwera nacho ku migodi. Inathawa matayala akufuka utsi, abakha a m'kanalo n'kuwomba m'manja. Nkhaniyi ndinamufotokozera Mphatso momwemu akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito. Anaseka mpaka misozi, akuti adadi simudzatheka. Ndi mavuto a munthu wanthabwala amenewo, ngakhale atafuula kuti moto anthu amadikira pothera nthabwalayo.

Amayi, inu sindinakunamizenipo n'kupambana, ngakhale tsiku limodzi. Za mapasa ndi zoona, za kasitika ndi zoona, chithunzicho chilipo. Za bonete ndi abakha ndapeka. Ndodo sinachoke pansi. Galimoto sinathawe. Galasi linatsika pang'onopang'ono, munthu wovala bwino, womwetulira, amene sindinamuonepo, anandipatsa moni waulemu ngati mkamwini. Kenako anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene mwana amabwera, n'kumuitana. Sanati Ellie. Anatchula dzina lanu, monga timatchulira ife. Ndipo mwanayo sanadabwe. Anangowerama n'kudutsa, ine pambuyo pake ndikutsimphina, galimoto ikutitsatira pang'onopang'ono mpaka pakona ya msewu wathu. Dzulo inaliponso.

Mphatso akuweruka posachedwa, tiyi ndaika kale pamoto. Ndikulonjeza kuti lero ndimukhazika pansi asanavule nsapato, ndimuuza zonse nkhope ili gwa, ndipo akaseka ndibwereza mpaka asiye. Tikatero tipita kupolisi ndi kusukulu, suti yomwe ija. Phunguyo akonze magetsi pa nthawi yake, ine mawa folo koloko ndikakhala ndili pamlatho, mawondo afune asafune. Ngati kumeneko amakupatsani mpata wotuluka, bwerani mudzaime nane. Mthiko uja musauiwale.

Ndimakukondani, Amayi, inu a kumeneko ndi inu a kuno.

Mwana wanu wosamva uja,
Jailosi