Wanditsalira mpata umodzi wolowera ku telesikopu

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu. Bondo lija likuti bwanji? Mankhwala ukumwa monga anakuuzira, kapena umawakumbukira likapweteka? Ine thupi lili bwino. Ndalemba pamanja n'kujambula pa foni kuti uwerenge lero lomwe.

Ntchito yanga ukuidziwa, ija umandiseka nayo kuti ndimalipidwa powerenga madontho. Ndimayerekeza zithunzi zakumwamba, chatsopano ndi chakale. Lolemba ndinapeza kadontho kowala pamene kale panali mdima wokhawokha. Ndinabwereza kanayi, kalipo ndithu. Zikuoneka kuti ndi nyenyezi yomwe yaphulika. Usaope, ili kutali kwambiri, siigwera padenga pako. Koma ikuzirala tsiku ndi tsiku, ndipo kuti tidziwe mtundu wake tiyenera kupempha eni telesikopu yaikulu ya paphiri, makina aja oonera zakumwamba, kuti aiyang'ane nyenyeziyo isanazime.

Pempholo limapita pa kompyuta. Umalemba dzina lako ndi mawu achinsinsi, apo ayi sulowa. Nthawi ya telesikopuyo anaipereka m'dzina langa, choncho wina sangandipemphere. Mawuwo ndakhala ndikuwalemba zaka zambiri, zala zinkangopita zokha. Papepala sindinawasunge, poti lamulo limaletsa, ndipo ine ndemwe ndinkakalipira anzanga omata timapepala kunsi kwa tebulo.

Lachiwiri ndinakhala pampando, n'kuika zala, m'mutu munangoti zii. Ndinayesa katatu, katatu konse anakana, n'kunditsekera kunja.

Wamakompyuta wa pa ofesi pathu, amene timamutcha Kachingwe, anaseka n'kunena kuti agogo nawonso alowa m'gulu la anthu wamba. Anati iye alibe mphamvu, makiyi ali ndi eni telesikopu. Njira ndi ziwiri. Yoyamba n'kutumiza mapepala ondizindikiritsa n'kudikira kwa mwezi umodzi, pamene nyenyeziyo idzakhala itazima kale. Yachiwiri n'kuyankha funso limene ndinasankha ndekha polembetsa. Funsolo ndi dzina la galu wathu woyamba. Amalola kuyesa kawiri. Kamodzi ndayesa kale, ndalakwa.

Galuyo ndikumuona, mng'ono wanga. Wofiirira, khutu limodzi logwa, wokonda kugona pansi pa njinga ya bambo. Anabereka ana asanu, awiri n'kufa. Zonsezo zilipo. Dzina lokha palibe.

Abwana akadutsa pakhomo la chipinda changa amafunsa ngati pempho lapita. Ndimawayankha kuti makina akuvuta. Si bodza, koma si zonse.

Chimene chikundiopsa si nyenyezi ayi. Zimaphulika zina. Iwe ndiwe unasamala mayi ine ndili kuno. Unandiuza kuti kuiwala kwawo kunayambira pa mayina, kenaka njira yakumsika, mpaka tsiku lija anakufunsa mwaulemu kuti ndinu mwana wa yani. Panthawiyo ndinkaganiza kuti ine sizingandigwere, poti mutu wanga umagwira ntchito tsiku lililonse.

Tsopano ndikudziyesa mayeso ngati mwana wasukulu. M'basi ndimatchula chamumtima zidzukulu zathu motsatana kubadwa, ndipo onse khumi ndi mmodzi akubwera. Chitofu ndimabwerera kawiri kukaona ngati ndazimitsa. Zimene ndaiwala sabata ino ndi zitatu: mawu aja, galu, ndi ambulera. Ambulera sindikudziwa ngati ndiiwerengere, poti ndinayamba kutaya maambulera ndili mtsikana. Kuno ndili ndekha. Akuntchito akazindikira, adzandipumitsa mwaulemu ndi maluwa, chifukwa ndani angakhulupirire kadontho kopezedwa ndi munthu woiwala?

Pempho langa ndi ili. Mawa masana undiimbire. Dzina la galuyo usalilembe mu uthenga, lamulo silinasinthe chifukwa choti ine ndavutika. Usafunsenso achimwene, paja iwo amayankha molimba mtima ngakhale zimene sakuzidziwa, ndipo mpata watsala umodzi. Ukaimba usafulumire kulitchula. Undilole ndiyambe ndatchula ndekha mayina atatu. Ndikalasa, undiuze. Ndikaphonya onse, ulitchule iweyo, koma usanditonthoze ndi zoti aliyense amaiwala. Undiuze zoona, mayi anali ndi zaka zingati pamene unayamba kuona, ndipo unaonera chiyani.

Undiperekere moni kwa alamu, achimwene ndi akazi awo, ana ako atatu ndi apongozi ako, azakhali aang'ono, msuweni wathu telala, ndi zidzukulu zonse. Mzerewu ndauwerenga kawiri ndipo ndikuona ngati wakwana. Ngati pali amene ndamusiya, usamuperekere moni mondibisira. Undiuze kuti ndani.

Tsala bwino mpaka mawa masana.

Ndine,
Mkulu wako