Chala cha Mfundo Zitatu

Lachiwiri, 4 Malichi

Kamwana ka Mzime wanga sikakuyamwabe bwino. Kakoka kawiri katatu, kasiya. Thukuta pamphumi ngati kasenza katundu. Miyezi iwiri, sikelo osasuntha. Lero akagoneka ku chipatala chachikulu, bedi la pazenera.

Ndinapitako nditaweruka kososola nkhuku, nthenga zili m'mutu. Namwino anandiyang'ana manja, osati nkhope, nkuitana adokotala. Mayi wamng'ono, magalasi, mawu ofatsa. Anagwira chala changa chachikulu nkumachipinda. Mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Akuti, "Agogo, kwanu alipo angati otere?"

Ndinayankha monyada. Malemu bambo anga, achimwene, ine, Mzime. Kwathu mwana akabadwa sitiyamba ndi nkhope, timafunyulula kadzanja. Chala chachikulu chikakhala chachitali ngati zinzake, nthungululu, wathu uyu! Kamwanaka tinakalulutira mpaka alonda anatidzudzula.

Adokotala sanaseke.

Lachisanu, 7 Malichi

Ajambula mtima wa kamwana. Mabowo awiri, lina lalikulu. Komanso ukugunda mochedwa.

Adokotala anandikhazika pa benchi nkundifotokozera pang'onopang'ono, poti ndinawauza kuti sukulu ine sindinapite nayo patali. Ndilembe ndisanaiwale. M'thupi muli ulusi wautali, amati DNA, pamene palembedwa zonse za munthu. Koma ulusi wokha suchita kanthu. Pali tinthu tosaoneka, timapuloteni, timene timafunafuna pa ulusiwo. Kalikonse kali ndi malo ake. Kakawapeza kamagwira, ntchito nkuyamba. Kena kamagwira pamene pamati umba dzanja, tseka zipinda za mtima. Kamodzi, ntchito ziwiri. Kathu ife sikagwiritsa. Kamaterereka.

Ndinafunsa kuti anakaphunzitsa ndani malo akewo. Akuti palibe. Zinayamba kalekale m'nyama za m'madzi, anthu kulibe. Kanali kamodzi, kenako kanasanduka tiwiri, mibadwo nkumapita, kena kanatenga ziwalo za kutsogolo, kena za kumbuyo. Kagwiridwe kake mu nsomba, mu nkhuku ndi mwa munthu nkofanana ndithu. Chipsepse, phiko, dzanja. Akuti, "Sikanasinthe kwenikweni, chifukwa nyama zimene kanalephera kugwira bwino zambiri zinkafa zisanabereke."

Anangomaliza nkugwira pakamwa. Ndinawauza kuti palibe kanthu mwanawe, ndamva.

Lolemba, 10 Malichi

Ku ntchito. Madzi otentha, nthunzi, fungo lomwe lija. Nkhuku zambiri, za ku hotela.

Ndakalambira pa tebulo limeneli, koma phiko ndaliona lero. Pali kachala kakang'ono pamwamba pake, kayekha. Ndinatambasula limodzi, lina, linanso. Onse bwinobwino. Ndinang'amba kamtima ndi nsonga ya mpeni. Kotseka bwino, kopanda bowo. Nkhuku yoti mawa ilowa m'mafuta, mtima wathunthu!

Mnzanga wa pambali, timamutcha Wailesi, akuti, "Asisi, mukuwerenga nkhuku ngati nyuzi? Kapena mwakumana ndi abale anu?" Ndinati eya, abale. Anaseka mpaka kutsokomola. Sakudziwa kuti ananena zoona.

Chala chomwechi anthu amandisirira nacho. Potumbula chimafika pamene za ena sizifika, matumbo onse kamodzi, ndulu osaphulika. Lero ndinachibisa m'chikhatho. Ndulu ziwiri zinaphulika.

Lamulungu, 16 Malichi

Adokotala akufuna tonse a zala zazitali tikajambulitse mitima. Ndinapita kwa achimwene kukawauza. Ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde. Sanadzutse nkomwe mutu. Akuti, "Chala chinapha ndani? Ine ndafika pano ndi chala chomwechi. Achipatala akasowa mankhwala amayamba nthano za nsomba."

Sindinalimbane nawo. Koma pobwerera ndinayamba kukumbukira. Bambo anagwa pachipata atagwira njinga, osadwala, tinati ndi kutopa. Azakhali anataya makanda atatu, onse tinawalulutira. Tinkati tsoka la azakhali. Chala ndi maliro sitinaziyikepo m'dengu limodzi.

Madzulo ku wodi. Akamwini ali chilili kumutu kwa bedi, munthu wa phee ngati madzi a m'mtsuko. Anangoti, "Amayi, mukanandiuza." Tikanawauza chiyani? Tsiku la ukwati tinawaonetsa chala cha Mzime ngati mphete ya golide.

Kamwana kali ndi kapaipi m'mphuno. Nthiti zikulowa ndi kutuluka ngati mvukuto.

Lachitatu, 26 Malichi

Opaleshoni kuno sapanga. Madokotala ake amachokera kutali, abwera nyengo yozizira ikatha. Ndipo akuti amafuna mwana wonenepako. Wathu anenepa bwanji, kuyamwa kumamutopetsa?

Ndinafunsa ngati pali jakisoni woti kanthu kaja kagwiritse. Adokotala anavula magalasi. Akuti ntchito yake inali m'mimba, masabata oyamba, ndipo inatha kale. Khoma likaumitsitsa lopindika, lapindika.

Ndinafunsanso, nanga ine bwanji ndakalamba, Mzime bwanji ali bwino? Akuti munthu amalandira tiwiri, ka bambo ndi ka mayi. Kabwinoko kamayesetsa kokha, kwa ena kamakwanitsa, kwa ena ayi. "Chifukwa chake, agogo, sitikuchidziwa bwino."

Atitulutsa. Mabotolo awiri a mankhwala ndi kasirinji komwetsera. Namwino anatiperekeza mpaka pa geti. Sachita zimenezo kwa aliyense.

Loweruka, 5 Epulo

Mkaka ndi kasupuni, dontho dontho. Theka limabwerera. Lero kamwana kanamwetulira poona katani ikugwedezeka. Mzime anathamanga kukaitana akamwini, pobwera kanali katagona.

Mvula tsiku lonse. Matewera osauma.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndabwerera ku ntchito Lolemba. Wailesi sakuyankhula. Amangondikankhira nkhuku zosavuta, zonenepa. Bola akanandinyoza monga kale.

Mankhwala otsala ndabweza ku chipatala, athandize ena. Adokotala aja ndinawaona kumapeto kwa khonde, ndinakhota. Sindinafune aone nkhope yanga, ndi mwana nawonso. Achimwene anabwera tsiku la maliro a kamwana, anakhala kumbuyo, manja m'matumba mpaka kumanda.

Tizovala Mzime wachapa, wasita, wapinda. Ndinati tipatse a nyumba yoyandikana, ali ndi khanda. Anakana. Waika m'sutikesi, pansi pa bedi.

Masana ano Mzime wabwera ku ntchito kwanga, chinthu chimene sachita. Anaima pakhomo, nsapato m'madzi a nthenga. Akuti anafunsa ku chipatala, amuuza kuti mimba iliyonse ndi theka kwa theka, ndipo ukulu wa bowo palibe angaudziwiretu. Akamwini akuti zili kwa iye. Ndiye anandiyang'ana, akuti, "Amayi, ndiyesenso? Mukanakhala inu?"

Mpeni m'manja, nkhuku pa tebulo. Ndine mayi ake, ndiyenera kuyankha. Ndinamuuza kuti adikire ndisambe m'manja kaye. Ndinasamba nthawi yaitali. Potembenuka anali akadali pomwepo, akudikira.