Timizere Toyera M'ntchafu

Lolemba, 3 Malichi

Masabata atatu chiwaikire amayi m'manda. Njinga yawo ya olumala ikadali pakhonde, palibe walimba mtima kuichotsa. Lero kulaibulale mwendo wamanzere wakananso masitepe. Mnzanga wa pakauntala akuti ndi chisoni chabe. Amayinso anayamba chonchi.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuchipatala, makina ojambula m'kati mwa thupi. Ndagona chagada m'chimpope chija pafupifupi ola, chikugogoda ngati akukhoma malata. "Musagwedezeke, mayi," anatero wojambula. Miyendo imanjenjemera yokha. Mkaka unachucha m'mabere mpaka kunyowetsa chovala chachipatala chimene anandiveka. Anditenganso magazi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Dokotala yemwe ankaona amayi uja. Waika zithunzi pakompyuta. Akuti mnofu wabwino umaoneka wotuwa, choyeracho ndi mafuta amene alowa pomwe mnofu wafota. Kumbuyo kwa ntchafu zanga kuli timizere toyera, ngati nyama ya m'butchala. Za amayi zinali mbee pafupifupi ponse.

Magazi aonetsa kachilombo komweko kamene kanali ndi amayi, kowononga mtsempha wa msana. Ndinafunsa kuti ndinakatenga bwanji. Anayamba wapukuta magalasi. "Kawirikawiri n'kubere." Kenako, "Mwana wanuyo ali ndi miyezi ingati?" Inayi. "Lekani kuyamwitsa lero lomwe. Mwayi ulipo."

Mabuku onse ndawerengawa, ndinangoti zikomo.

Lachitatu, 12 Malichi

Kamwana kakana botolo tsiku lonse, kalira mpaka kusasa mawu. Apongozi akuti, "Khanda chonchi kulimana bere? Anthu ati muli ndi pakati pena." Ndawafotokozera. Akuti, "Ndiye mukuti malemu anakulakwirani?"

Anandiyamwitsa zaka ziwiri. Ankanyadira pouza alendo.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndalephera. Masana ndakapatsa bere, mphindi zisanu mwina. Kanagona kakumwetulira. Sindinauze munthu. Kodi mphindi zisanu n'zokwanira kukapatsira?

Lachisanu, 14 Malichi

Ndawaululira bambo ake. Sanakalipe, angojomba kuntchito. Akuti, "Kakumva fungo lako, mayi. Tatulukako, utisiye tilimbane amuna okhaokha."

Ndadzimanga nsalu pachifuwa n'kukakhala kuseli kwa nyumba, padzuwa. Mabere ngati miyala. Kulira, kulira, ine nditagwira mpando kuti ndisadzuke.

Kenako zii.

Ndayenda chogwira khoma mpaka pawindo. Kagwira chala cha bambo ake, maso ali pa iwo, botolo lafika pakati. Sikanacheuke.